Kadontho Ankayang'ana Ndani?

Nkhaniyi inandipeza m'basi. Ndinkabwerera kwathu, chikwama cha zipangizo pamiyendo, mutu pawindo. Ntchito yanga ndi yokonza makina osokera. Lero tawuni ino, mawa ina. Anzanga anasiya kalekale kunditchula dzina. Amangoti Chikwama.

Dalaivala anakweza wailesi. Ankabwereza pulogalamu ya Lumo, bambo uja amasanthula mafilimu. Dzinali anampatsa ndi omvera, chifukwa chilichonse chimene wagwira amachimeta mpala. Sabata imeneyo anagwira filimu yotchedwa Zitseko Ziwiri. Tulo tonse tinandithera. Mufilimumo muli Kadontho, chibwenzi changa.

Kadontho si wa mafilimu kwenikweni. Amagulitsa mankhwala mu famase. Wopanga filimuyo anamuona pakauntala, n'kumupempha kuti akayese. Anajambula ine ndili paulendo. Nkhani yake ndi ya anthu awiri osungulumwa, mayi wamasiye wosita zovala za anthu ndi bambo wokonza mawotchi. Zipinda zawo zinayang'anizana. Salankhulana. Aliyense amangomvera chitseko cha mnzake. Filimu yonse ndi imeneyo.

Manyuzipepala anali atayitafuna kale. Ina inati bilimankhwe akhoza kuipitirira, kukafika n'kubwerako. Ina inati osowa tulo asavutike ndi mapiritsi, angogula tikiti. Ine ndinakaonera tsiku loyamba, msewu uli m'mafupa. Ndinagona pakati.

Lumo anayamba monga mwa nthawi zonse. Anati filimuyo ikuyenda ngati mzere wa kuchipatala. Anati woipanga amakonda makoma kuposa anthu. Kenako mawu ake anatsika.

"Koma pali malo amodzi," anatero. "Mayi uja watsegula chitseko, akuyang'ana tsidya lina la khonde. Sakunena kanthu. Omvera, ine ndakalamba ndikuonera masewero. Aja si maso a sewero. Mkazi uja akuyang'ana munthu amene amamukonda zenizeni. Kamera sinama."

Bambo wina kumbuyo kwanga anati anthu a mafilimu ndi choncho, amayamba ndi ntchito n'kumaliza ndi ovataimu. Basi yonse inaseka. Mayi wa pambali panga anati akumvera chisoni mwini wake wa mkaziyo, ngati alipo.

Ndinalipo. Ndinangoyang'ana mitengo ikuthamanga panja.

Wokonza mawotchi mufilimumo anali Wamtali, wa masewero a pasiteji. Mapewa otambalala. Mano oyera ngati a pachikwangwani chotsatsa malonda.

* * *

Mlongo wanga wamkulu ali ndi saluni pafupi ndi depoti. Ndinalowa kuti ndisiye chikwama. Ndinalakwa.

"Takulandirani, alonda a munda wa eni," anatero, asanasiye n'komwe mutu umene ankaluka.

Makasitomala onse anatembenuka. Onse anali atamva. Wina anachita kutulutsa khutu m'chowumitsira tsitsi.

Vuto linali la Lamlungu. Tsiku limenelo ndinayenera kupita ndi Kadontho kwa amayi, koyamba. Amayi anali atakana kwa nthawi yaitali. Ankati safuna mpongozi woonetsa nkhope kwa aliyense wogula tikiti. Ndinachonderera mpaka mawondo kuda. Pomaliza anati abwere, ndimuone. Sanalonjeze china.

Achemwali anandiuza kuti amayi nawo amva, poti wailesi yawo sizima chimwalirireni bambo. Anati akhala chete tsiku lonse, ndipo chete wa amayi ndikumudziwa. Kenako anayamba nyimbo yawo yakale, ya namwino amene amachita lendi kuseri kwa saluni. Wofatsa. Wopemphera. Amandifunsa nthawi zonse.

"Amene uja akayang'anitsitsa mwamuna ndiye kuti akumuyeza malungo, palibenso china," anatero.

Ndinati ndi sewero chabe, achemwali. Ndinati anthu amalira mufilimu popanda womwalira. Ndinati Lumo amalipidwa kuti azilankhula.

Anandisiya ndimalize. Kenako anandiloza ndi chipeso.

"Chabwino. Nanga iweyo anakuyang'anapo choncho?"

Malo amene Lumo ankanenawo sindinawaone. Ndinali m'tulo.

* * *

Kadontho amakhala m'chipinda chimodzi, pamwamba pa shopu ya nsapato. Ndinampeza akuwala. Kadontho ka patsaya lake, kamene kanampatsa dzina, kankavina akamaseka. Foni yake sinkapuma. Anzake a kusukulu. Bwana wa famase. Azakhali ake amene poyamba ankati filimu ndi uhule wa masana.

Anandikumbatira, nati a Chikwama afika, dziko lipume. Anandithirira tiyi. Anati kuyambira pamene Lumo walankhula, matikiti ayamba kuyenda, ndipo eni holo awonjezera sabata. Anali atajambula pulogalamuyo pafoni. Anaiyatsa kuti ndimve. Ndinati ndamva kale, pamodzi ndi basi yonse.

"Ndiye osandiyamika?"

Ndinamuyamika. Mawu anatuluka ouma ngati buledi wa dzana. Ndinafunsa ngati Wamtali ali bwino. Ndinafunsa ngati nayenso waimba. Ndinafunsa ngati akadali ndi mano onse.

Anaika kapu pansi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Iwe, usandiuze kuti wayenda ulendo wonsewu utanyamula nsanje m'chikwama."

Ndinakana. Ndinati ndikungofuna kudziwa mmene ntchito yawo imayendera. Iye anati Wamtali ali ndi mkazi ndi ana, ndipo pojambula ankanunkha anyezi. Anaseka. Inenso ndinayesa kuseka. Kenako funso linatuluka lokha.

"Pamalo pajapo, unkayang'ana ndani?"

"Kamera."

Anayankha msanga. Msanga kwambiri. Ananyamuka kukatsuka kapu imene inali isanathe tiyi. Foni inalira patebulo. Anabwerera, anaiona, n'kuivundikira. Sanayankhe.

Ndinafunsa kuti ndani. Anati anthu. Ndinati anthu ali ndi mayina. Iye anati enanso ali ndi makutu koma amagona mufilimu za zibwenzi zawo. Pamenepo anandipeza. Ndinatsanzika dzuwa likadalipo.

Ndili panjira anatumiza uthenga. Ankafunsa kuti Lamlungu avale diresi ya buluu kapena yoyera. Ndinauwerenga. Sindinayankhe. Patapita nthawi unabwera wina: "Kukhala chete si mtundu wa diresi."

* * *

Mawa lake masana ndinagula tikiti. Holoyo ndi yaing'ono, pamwamba pa sitolo ya mipando. Tsiku loyamba lija munali anthu ongowerengeka. Tsopano munali azimayi ambiri, ena ndi zikwama za kumsika. Onse anabwera kudzaona maso.

Ndinakhala kumbuyo. Ndinadzitsina kuti ndisagone.

Filimuyo imachedwadi. Kadontho akusita malaya. Kolala. Mkono. Mkono wina. Wamtali akutsegula wotchi, akuitseka. Mpopi ukudontha. Mnyamata wina kutsogolo anafuula kuti alankhulane basi tizipita. Anthu anaseka pang'ono, kenako anamuuza akhale chete.

Pena pake kuchedwako kunasiya kundivuta. Bambo wa mawotchi ankadya chiimirire, akuyang'ana khoma. Ine ndimadya choncho m'malo ogona alendo. Ankayatsa wailesi osamvera, kuti m'chipinda mungokhala mawu a munthu. Inenso. Sindinakonde kuti filimu ikundidziwa.

Kenako chitseko chinatseguka.

Kadontho anaima pakhomo, malaya a eni pamkono. Anakweza maso. Holo yonse inati zii. Nkhope yake inadzaza khoma. Sankamwetulira. Sankalira. Ankangoyang'ana, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene analeka kale kuchifunafuna. Mlomo wa m'munsi unanjenjemera kamodzi. Kamera sinachoke. Inakhala, inakhala. Kenako nkhope ya Wamtali, atagwira chitseko chake.

Mayi wa patsogolo panga anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. Anauza mnzake kuti zimenezi munthu saphunzira.

Ndinafufuza m'mutu mwanga. Tsiku limene ndinamufunsira. Tsiku limene anadwala ine n'kubwerera panjira. Maso amenewo sindinawapeze. Mwina anandiyang'anapo choncho padepoti, pondiperekeza. Sindingadziwe. Ine padepoti ndimayang'ana basi.

Ndinatuluka filimu isanathe.

* * *

Loweruka m'mawa ndinamusaka Wamtali. Ndinampeza kuseri kwa holo ya sukulu ina, kumene gulu lake limakonzekera masewero. Anali atakhala pa benchi, akudya nthochi. Ndinali nditakonza mawu usanache. Ena anali oti sangalembedwe.

Ndinadzitchula. Ndinati ndine mwini wake wa maso aja.

Anandiyang'ana. Kenako anaseka mpaka kutsamwa. Ndinakunga chibakera. Iye anakweza manja, nandipempha ndikhale pansi.

"Achimwene, ine ndikugona pasofa chifukwa cha maso amene sindinawaone n'komwe," anatero.

Anati mkazi wake nayenso anamva Lumo. Anamutulutsira pilo ndi bulangete. Walumbira mpaka kutchula agogo ake onse, koma mkaziyo akungobwereza kuti kamera sinama.

Ndinati asandinamize, ndaona ndekha akuyang'anana. Iye anapukusa mutu. Anati filimu saijambula mmene timaionera. Sabata imene ankajambula khonde lija, iye anali ndi matenda a maso ofiira, ali kunyumba. Nkhope ya Kadontho anaijambula tsiku lake. Nkhope ya iye anaijambula patapita masabata, akuyang'ana tsache limene analiveka diresi. Wolumikiza zithunzi ndiye anawakumanitsa pakompyuta.

"Ine chikondi changa chonse chija chinapita kwa tsache," anatero.

Ndinaseka. Ndinaseka zenizeni, koyamba chitsikireni m'basi. Ndinamva ngati andichotsa thumba la simenti pamsana. Anandipatsa nthochi. Ndinalandira. Ndinati ndiye kuti nayenso Kadontho ankayang'ana tsache.

Wamtali anasiya kutafuna.

Anati ayi, osati tsache. Anzake a kamera anamufotokozera. Kadontho anamuikira mpando wopanda munthu kuti aziuyang'ana. Zinakanika. Anabwereza mpaka wopanga filimu kuyamba kudzikoka ndevu. Maso ankangotuluka a pafamase, ofunsa kasitomala kuti mukufuna chiyani. Ndiye kunafika mlendo, mnzake wa wopanga filimuyo, kudzangoona mmene ntchito ikuyendera. Anamupempha akhale pampandopo, kuti pakhale munthu. Anakhala. Kadontho anatsegula chitseko, osadziwa kuti pampando pasintha. Anajambula kamodzi kokha.

Ndinafunsa kuti mlendoyo anali ndani.

Anayang'ana khoko la nthochi. Anati mwina iye si woyenera kunena. Ndinati wayamba kale, amalize.

"Ndi Lumo."

Anawonjezera, motsitsa mawu, kuti atamaliza kujambula Kadontho sanamutchule kuti Lumo. Anamutchula dzina lina, la kwawo. Dzina limene a pawailesi salidziwa.

Ndinakhala pa benchipo, nthochi m'manja. Mawu a m'basi aja anabwerera onse. Mkazi uja akuyang'ana munthu amene amamukonda zenizeni. Dziko lonse linkayesa kuti bamboyo akusanthula filimu. Iye ankadzitama. Ankafunsira chibwenzi changa pawailesi, ine ndikumvera, nditalipira tikiti ya basi.

Wamtali anandipempha kuti ndikapeza mpata ndikafotokozere mkazi wake. Sindikumbuka chimene ndinayankha.

* * *

Loweruka famase amatseka masana. Ndinadikira tsidya la msewu, pansi pa khonde la telala. Kadontho anatuluka atanyamula pepala la pulasitiki. Munali diresi ya buluu, yochokera kochapitsa. Anasankha yekha.

Atandiona anamwetulira. Atayandikira, kumwetulirako kunazima.

"Pampando panali ndani?" ndinafunsa.

Sananamizire kusamva. Anasuntha pepala lija kupita kudzanja lina. Anati tiyende, pano pali anthu. Ndinati anthu amva kale zambiri, izi zokha zisawapitirire.

Ndiye anandiuza, titaima pomwepo, njinga zikutilambalala. Lumo anali chibwenzi chake choyamba. Kale, iye asanakhale Lumo, ali mphunzitsi wosauka wa malaya amodzi. Anagwirizana zokwatirana. Kenako kunapezeka ntchito ya pawailesi, kutali. Anapita. Sanatsanzike. Kadontho anamva kwa anthu. Kuyambira pamenepo sanaonanenso, mpaka tsiku la chitseko lija.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Anati ankadziwa kuti ndidzapanga nkhope imene ndapangayi. Ndinafunsa ngati ndi iye ankaimba foni ija. Anavomera. Anati akuimba tsiku lililonse, ndipo iye sakuyankha.

"Ndiye Lumo sananame," ndinatero. "Umamukonda."

"Ndinaona munthu amene anandisiya. Nkhope inachita zake. Sindinaitume."

"Ine sunandiyang'anepo choncho."

"Ungadziwe bwanji? Ndikamakuyang'ana umakhala utandipatsa kale msana."

Akanakhala wina, akanaima pamenepo. Ine ndinali nditatentha kale. Ndinaona bambo uja pampando, mwendo pamwamba pa unzake, akulandira zimene ine ndakhala ndikuzidikira osadziwa. Ndinaona achemwali ndi chipeso chawo. Ndinamva basi yonse ikuseka.

Ndinati amayi ananena zoona. Ndinati mkazi wa pakanema ndi wa aliyense. Ndinati diresiyo akaibweze, mawa asavutike kubwera.

Ndinkayembekeza misozi. Kapena chipongwe. Sizinabwere. Anangogwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati kasitomala wamuuza mankhwala amene ankawaganizira kale.

Anati Lumo anamutumizira uthenga womuitana ku pulogalamu yake ya mawa, kuti akacheze pawailesi za filimuyo. Iye anali atakonza zokana, chifukwa mawa linali tsiku la amayi anga. Anatulutsa foni. Anaimba ine ndili pomwepo. Sindinamve mbali inayo. Ndinangomva yake.

"Ndine. Eya. Mawa ndili ndi mpata."

Anamvetsera pang'ono. Anati ayi, asavutike kutumiza galimoto. Anamvetseranso. Kenako anati chabwino, itumizeni.

Anadula. Anandiyang'ana. Maso a pafamase.

"Diresi sindibweza, a Chikwama. Ndalipira kale."

Anawoloka msewu. Sanacheuke.

* * *

Ine zikandivuta ndimakwera basi. Ndi matenda anga. Ndinakatenga chikwama ku saluni, achemwali ali kuseri. Namwino uja anali pakhomo, akuyanika yunifolomu. Anandipatsa moni wautali. Ndinayankha waufupi.

Padepoti sindinasankhe. Ndinafunsa imene inyamuke msanga. Kondakitala analanda chikwama, n'kuchiponya pamwamba. Ndinali nditaponda kale pakhomo la basi pamene foni inalira.

Amayi.

Ndinaganiza zosayankha. Ndinkadziwa zimene anene. Koma amayi ukapanda kuyankha amaimbira achemwali, ndipo zikatero nkhani imakula. Ndinayankha. Ndinati amayi, musavutike, za mawa zija...

Anandidula. Anati ndikhale chete, akulankhula ndi iwo. Anati m'mawa uno anavala nsapato zawo za kutchalitchi, n'kupita okha ku holo ija. Anakwera masitepe onse aja ndi bondo lawo. Anapita kuti akapeze chifukwa chomveka chomukanira mtsikanayo pamaso pake.

Ndinamva wailesi yawo chapatali. Kenako ndinamva ikuzimitsidwa.

Anati chimwalirireni bambo, palibe anawafunsapo mmene tsiku limathera m'nyumba muja. Ife ana timabwera ndi shuga, n'kumayang'ana wotchi. Anati iwo amadziwa chitseko cha neba aliyense ndi kulira kwake. Amadziwa amene watuluka ndi amene wabwera. Ankayesa kuti ndi misala yawo yokha. Lero anaiona pakhoma, mwana wa eni akuichita ngati anakhalapo nawo m'nyumbamo.

Ndinati amayi, koma mwamva zimene ananena pawailesi.

"Ndamva. Za amene ankamuyang'ana ndi zanu, inu ana. Ine ndaona mkazi wodziwa kudikira. Iwe ndi miyendo yakoyo, wina ndani angakupirire?"

Kondakitala anamenya bodi ya basi. Anati bwana, mukukwera kapena mukutsanzika mpaka mawa. Injini inali italira kale. Chikwama changa chinali pamwamba, chomangidwa pamodzi ndi matumba a eni.

Amayi anati atulutsa makapu aja a mukabati, amene sanagwirepo ntchito chichitikireni maliro a bambo. Anati auza kale achemwali kuti za namwino azisiye. Anafunsa ngati mtsikanayo amamwa tiyi wa mkaka.

Ndinati amamwa.

"Chabwino. Mawa ubwere naye. Ukabwera wekha, usagogode n'komwe."

Anadula. Basi inayamba kuyenda, phazi langa limodzi lili mkati, lina pansi.